Cimbuya: Cipongwe Cosabala Mlandu

Caka ndi caka, mwezi wa February ukamatha, anthu zikwi zambiri asonkhana pa Mtenguleni, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Chipata kunka ku Katete, kudzaona mwambo wa Nc'wala. Pamenepo Nkhosi ya Makhosi Mpezeni alawa zakudya zoyamba kuca m'minda, ng'ombe yamphongo yakuda ilasidwa ndi nthungo, ndipo amuna abvina ngoma atabvala zikopa, zishango ndi zibonga ziri m'manja. Mlendo wofika koyamba aona zonsezi nakondwa. Koma ciripo cinthu cina cimene cimdabwitsa koposa. Pakati pa khamulo amva munthu wa Cibemba alikunyoza Mngoni wa imvi pamaso pa anthu, ndipo mkuluyo, m'malo mokweza cibonga cace, angoseka.

"Taonani ankhondo athu," atero Mbemba. "Cishango ca ng'ombe, nthungo yakuthwa, nthenga kumutu, zonsezi kukagwira mbewa imodzi!"

Mngoni sacedwa kuyankha: "Ife mbewa tiikumba tiri pansi monga anthu. Koma inu mukakwera mu mtengo kutsata pusi, wopita m'njira sangadziwe kuti mlenje ndani, ndiwo ndani."

Anthu aomba m'manja, ndipo awiriwo apita kukamwera cikho cimodzi. Ici ndico cimbuya. Mau amene kwina akadabala ndeu ndi mlandu, pakati pa Mngoni ndi Mbemba ali ngati moni.

Kumene cinacokera

Cibale cimeneci cinabadwira m'nkhondo. Angoni anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku la kadamsana, motsogozedwa ndi Zwangendaba. Iye atamwalira ku dziko la Afipa mtunduwo unagawanika, ndipo gulu la mwana wace Mpezeni linakomana ndi Abemba. Anamenyana kolimba. Abemba akumbukira Chitapankwa monga ngwazi imene inapitikitsa Angoni. Angoni nao sabvomera kuti anathawa munthu. Pambuyo pace Mpezeni anatsikira kumwera, nakhala pakati pa Ansenga, kenaka nakhazikika m'mapiri a kufupi ndi Chipata. M'caka ca 1898 asilikari a Azungu anathyola mphamvu ya Angoni, anaombera Nsingo mwana wa Mpezeni, ndipo Nc'wala inaleka kufikira m'caka ca 1980. Koma mkangano uja wa amene anapambana pakati pa Angoni ndi Abemba sunaweruzidwe. Nthungo zinaikidwa pansi, nkhondo inatsalira pakamwa.

Kusereulana kokha sikunali kwacilendo kwa mitundu iyi. M'midzi ya Acewa asuwani anyozana momasuka, mdzukulu asereula ambuya ace, ndipo adzukulu a pa maliro ali ndi ufulu wonena zimene wina sangayese. Kwa Abemba kuli banungwe, ndiwo mapfuko awiri-awiri onga Bena Mfula ndi Bena Bowa, a mvula ndi a bowa, amene atukwanizana ndi kuikana m'manda.

Pamene migodi ya Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga inayamba kuturutsa mkuwa m'zaka za m'ma 1930, anyamata a mitundu yonse anadzakhala m'makomboni amodzi. Apa panabuka bvuto. Mwambo wa mitundu yambiri sulola abale eni ace kukumba manda a mbale wao. Nanga munthu akafera pa mgodi, kutali ndi adzukulu a kwao, adzamuika ndani? Anthu anapeza njira: mtundu umene kale unali mdani unatenga nchito ya adzukulu. J. Clyde Mitchell wa ku Rhodes-Livingstone Institute, amene anafufuza gule wa Kalela ku Luanshya nasindikiza buku lace The Kalela Dance mu 1956, anaona kuti mitundu yosereulana m'matauni kawiri-kawiri inali yomwe ija inamenyana kale. Momwemonso Alozi ali ndi cimbuya cao ndi Atonga. Cotero ufulu wonyoza sunadze wokha: unadza pamodzi ndi khasu la ku manda.

Luso lace

Kunena munthu kuti "Ndiwe citsiru" sikufuna nzeru. Ngakhale mwana angathe. Mbuya waluso sachula liu limenelo. Iye azungulira kutali, nasiya omvera kuti afike okha pamene iye analozapo. Makolo anacita cimodzi-modzi. Pofuna kudzudzula munthu wosamva za anzace sanamche wopusa, anangoti nzeru zayekha anabviika nsima m'madzi, ndipo mwini wace anadzimva.

Njira imodzi ndiyo kutama konama. Mmisiri wamanga khoma lopendekeka, ndipo mbuya wace aima patali, napukusa mutu monga wozizwa, nati, "Khoma lanu, atate, nlaulemu ndithu. Likugwadira alendo asanafike ndi pakhomo pomwe." Telala wasoka buluku la miyendo yosiyana, ndipo amyamika kuti waganizira banja lonse: mwendo uwu ngwa bambo, uwo ngwa mwana.

Njira yina ndiyo funso looneka ngati la cifundo. Pa nchito munthu waima nthawi yaitali atatsamira fosholo, ndipo mnzace amfunsa ndi nkhope yacisoni, "Kodi fosholoyo idwala, kuti muigwirize tsiku lonse?" Woyendetsa lole wasokera kawiri pa mseu wodziwika, ndipo amfunsa ngati sikungakhale bwino kubwereka ng'ombe za ngolo, popeza izo njira ya kwao siziiwala.

Iriponso njira ya kufanizira. Wophunzira wonyada amuyesa dzungu la m'dimba, lalikuru pooneka, koma ukaling'amba upeza mphako ndi nthangala. Woiwala-iwala amuyesa nkhuku imene aiponya mwala pa mphasa ya cimanga, ndipo mwala usanaleke kugubuduka yabwerera kale.

Koma cipongwe cokoma koposa ndico cotengedwa m'mbiri, cifukwa mwini wace sangacikane. Angoni a Mpezeni anakwatira akazi ambiri a Cinsenga, ana analankhula cinenero ca amao, ndipo Cingoni ceni-ceni cinatsalira m'nyimbo ndi m'zitamando za mafumu. Mbemba sasiya mpata umenewu. "Munagonjetsa Ansenga ndi nthungo," atero, "koma akazi ao anakulandani lilime m'nyumba mwanu momwe. Nanga ankhondo otere tiwaope?" Mngoni wocenjera ayankha kuti ncoona, Angoni anabwera ndi ng'ombe nakwatira nazo, koma afuna kudziwa cimene Mbemba akadapereka, kapena ifishimu zodzaza lichero, ndizo mphalabungu zimene Abemba azikonda. Pa masewera amenewa wogonja si amene anyozedwa kwambiri ai, koma amene asowa yankho, makamaka amene akwiya.

Tsono pali phindu lobisika. Munthu wamkuru, amene ana ace ndi anchito ace aopa kumuuza zoona, azimva kwa mbuya wace. Mmisiri uja aseka pamodzi ndi anthu, koma m'mawa mwace agumula khoma nalimanganso. Akadamuuza mwaukali, bwenzi atakana, ndipo khomalo likadagwera ana.

Malire ace

Anthu ambiri a m'matauni alakwa poganiza kuti mau ali onse oseketsa ndi cimbuya. Si tero ai. Cipongwe cikhala masewera pokha-pokha pamene wonenedwayo ali ndi ufulu wobwezera. Kapitao akanena munthu wa m'gulu lace kuti mutu wace ngwa dzungu, ndipo munthuyo akhala cete cifukwa aopa kucotsedwa nchito, pamenepo palibe cimbuya, pali kuponderezana. Anzace angaseke, koma iye apita ku nyumba ndi cironda. Nkhwangwa iiwala, citsa siciiwala.

Cimodzi-modzi m'nyumba za mowa. Mnyamata wamva Mbemba alikunena Mngoni za mbewa, ndipo iye, wosakhala mbuya wa munthu ali yense pamenepo, aponyapo lace. Mau ndi omwewo, koma pakamwa mpena. Cotsatira cace ndi botolo pamutu, usiku m'citokosi, ndipo mwina nchito kutha. Mbuya weni-weni naye adziwa poima. Sasewera ndi cilema ca munthu, kapena kusabala kwa mkazi wace, kapena mlandu umene ukali kumpweteka. Anyoza cimene mwini wace angasekenso.

Masiku ano kwabwera zina. Mau olembedwa pa Facebook awerengedwa ndi anthu amene saona nkhope ya wolembayo, ndipo samva kuseka kwace. Pa nthawi ya masankho ena abisala kumbuyo kwa cimbuya pofuna kunena kuti mtundu wakuti ulibe nzeru zolamulira dziko. Malamulo a Zambia aletsa mau oonetsa cidani kapena kunyoza munthu cifukwa ca mtundu wace, ndipo kunena kuti "ndinali kusewera" sikusanduliza cidani kukhala cibale.

Wofuna kuzindikira cimbuya coona apite pa maliro a Mngoni ku Kitwe kapena ku Lusaka. Adzapeza Abemba alikupaka anamfedwa ufa kumaso, alikulipiritsa tindalama kwa ofuna kupulumuka, alikunena womwalirayo kuti wathawa ngongole zace. Wosadziwa angayese nkhanza. Koma akayang'anitsa adzaona kuti Abemba omwewo ndiwo awaza nkhuni, ndiwo aphika nsima, ndiwo anyamula bokosi, ndipo mkazi wamasiye amene sanadye masiku awiri waseka pang'ono nalandira phala. Mwezi wa mawa, imfa ikagwa kwa Abemba, Angoni adzabwera ndi ufa wao ndi makasu ao.

Pa cifukwa ici, munthu asanatsegule pakamwa kufunsa nzeru za mnzace, ayambe wadzifunsa yekha mafunso awiri. Kodi mnzangayu angathe kundibwezera wosaopa kanthu? Ndipo tsiku la tsoka lace, kodi ndidzakhalapo pa manda ndi khasu m'manja? Ngati yankho ndi inde, anene, ndipo akonzekere kulandira zace. Ngati ndi ai, mau ace okomawo awasunge kufikira atakomana ndi mbuya wace pa Mtenguleni.