Zida Zodzisankhira Mdani: Mfundo za NATO ndi Nkhawa za Maiko a mu Africa

Nzeru zochita kupanga za makompyuta, zimene ambiri amangozitchula kuti AI, ndi luso limene limalola makina kuphunzira kuchokera ku zithunzi, mawu ndi manambala ankhaninkhani, mpaka kutha kuzindikira chinthu ndi kuchitapo kanthu popanda kudikira munthu. Ku usilikali ntchito yambiri ya lusoli siutsa mapiri pachigwa, chifukwa ndi yosanthula zithunzi za masetilaiti, kulosera nthawi imene injini ya ndege ifunike kukonzedwa, ndi kutchinga anthu ofuna kulowa mwakuba m'makompyuta a boma. Pagona nkhani ndi pa zida zimene, zikangoyatsidwa, zimafunafuna zokha mdani n'kumuombera.

Lipoti la akatswiri a United Nations la mu 2021 linanena kuti m'mwezi wa Malichi 2020, ku Libya, asilikali a mbali ya Khalifa Haftar amene ankathawa anasakidwa ndi zida zouluka, kuphatikizapo Kargu-2, kandege kopanda woyendetsa ka mapiko ozungulira anayi kopangidwa ndi kampani ya STM ya ku Turkey, kamene kamanyamula bomba n'kudziponya pa chimene kasankha. Lipotilo silinanene kuti kandegeko kanapha munthu, koma linati zidazo zinakonzedwa kuti zithe kuukira ngakhale zitasiya kulumikizana ndi woziyendetsa.

Bungwe la NATO, lomwe tsopano lili ndi maiko 32, linavomereza ndondomeko yake yoyamba ya AI mu Okutobala 2021 ndipo linaikonzanso mu Julaye 2024. Mwa mfundo zake zisanu ndi imodzi muli zoti makina azitsata malamulo a nkhondo, pakhale munthu wodziwika woyankhapo zinthu zikalakwika, ndiponso kuti makina athe kuzimitsidwa akayamba kuchita zosayembekezeka. Mfundo ina, yochepetsa kukondera, ndi imene ikhudza kwambiri Africa, pakuti makina amangodziwa zimene anaonetsedwa pophunzira. Kompyuta yophunzitsidwa ndi zithunzi za kwina ingathe kuona mlimi wa ku Sahel atakoleka khasu paphewa m'bandakucha n'kumuyesa wachigawenga wonyamula mfuti, kapena kusokoneza galimoto yodzaza matumba a mapira ndi yonyamula zida. Komabe mfundo za NATO ndi malonjezo chabe a mamembala, si pangano lomanga munthu m'khoti.

Maiko a kumadzulo kwa Africa, a m'bungwe la ECOWAS, atakumana ku Freetown mu Epulo 2024 anapempha chinthu cholimba kuposa malonjezo, ndicho pangano la dziko lonse lomanga aliyense pa nkhani ya zida zodzisankhira mdani, monga momwe maiko a ku Latin America ndi Caribbean anapemphera ku Costa Rica mu 2023. Nkhawa imodzi n'njosabisika: maiko ambiri a mu Africa amagula zida zawo zankhondo kunja, ndipo kawirikawiri wogula saloledwa kusuzumira m'kati mwa pulogalamu kuti adziwe mmene imasankhira woti aphedwe.

António Guterres, monga mlembi wamkulu wa United Nations, anapempha kuti panganolo limalizidwe pofika 2026, koma zokambirana za nkhaniyi ku Geneva zimayenda pokhapokha maiko onse atagwirizana, ndipo pakati pa okhala pamenepo pali maiko omwe akupanga zidazo.