Temwe ndi wamwano kapena ngwazi? Mkangano wa m'nyumba za ku Parklands

Pa 20 Julaye 2023 Netflix idatulutsa Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a ku Lusaka amene amapita kusukulu ngati mwana aliyense, koma zinthu zikavuta mumzinda amavala zobisa nkhope n'kukalimbana ndi zigawenga. Adayambitsa nkhaniyi ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku South Africa, ndipo onse olemba adali amayi a mu Africa muno.

Kuno ku Parklands ana athu amakula ndi Chingerezi, Chiswahili ndi Sheng, mwinanso timawu ta Chigujarati totola ku Diamond Plaza. Chichewa amachimva akamakalipiridwa basi. Ndiye tangoganizani mwana wotereyu akumva pa TV kuti ngwazi ina dzina lake pankhondo ndi Za-Mpezi, ina K-Bongo, ndipo mkulu wa kampani ya magetsi ndi Lee Magedzee, mumzinda woti magetsi amangozimazima. Makolo tidaseka kuposa ana. Nthabwala ya magetsiyo aliyense wokulira ku Ndirande kapena ku Matero safuna womumasulira.

Kuseka kudatha titafika pa Temwe.

Mwa anayiwo, Komana ndi katswiri wa zamakina, Zee ndi wampira, Monde ndi wofatsa. Temwe, amene pankhondo amatchedwa T-Mlilo, ndi wapsepse, wokonda kudya, sachedwa kuyankha, ndipo kusukulu mlandu sumuthera. Atsikana athu ambiri adasankha yemweyo. Amayi akakumana potuluka m'tchalitchi kapena pa chama, chipereganyu cha kuno, dandaulo limakhala limodzi: mwana ameneyu alibe mwambo, ndipo wanga wayamba kuyankha ngati iyeyo. Abambo ena amati vuto si mwano ayi, koma kuti atsikanawa amalanga okha olakwa ngati kuti apolisi kulibe.

Atsikana nawo ali ndi yankho, ndipo ndi lovuta kulitsutsa. Batman wakhala akumenya mbava usiku kuyambira 1939, alongo awo ali ndi malaya ake, zikwama zake, koma palibe mayi adamutchulapo kuti ndi wamwano. Mwamuna akakwiya m'buku la zithunzi amati ndi wolimba mtima. Mtsikana akakwiya, akuti sadalangidwe.

Mkangano wotere sudayambire kwa ife. Mu 2013 ku Pakistan woimba wotchedwa Haroon adatulutsa Burka Avenger, nkhani ya mphunzitsi Jiya amene amavala burka yakuda n'kumamenyana ndi anthu ofuna kutseka sukulu ya atsikana. Zida zake ndi mabuku ndi zolembera. Apo n'kuti chaka chisanathe chiwomberedwereni Malala Yousafzai. Ana adaikonda, koma amayi ena otchuka, kuphatikizapo Sherry Rehman yemwe adakhalapo kazembe wa dzikolo ku America, adadandaula kuti chovala chimene ambiri amachiona ngati chopondereza akazi chasandutsidwa chizindikiro cha mphamvu. Haroon adayankha kuti burkayo ndi chobisira nkhope chabe, monga ngwazi zonse zimachitira. Chaka chomwecho ku Egypt mtsikana wina, Deena Mohamed, adayamba kujambula Qahera pa intaneti: mayi wa hijabu, lupanga m'manja, wothana ndi amuna ozunza akazi m'misewu. Pa nkhani yoyamba adayanika mwamuna wonyoza akazi pachingwe cha zovala. Ngwazi ikakhala yaikazi, owerenga amayamba ndi kuyeza chovala chake, pakamwa pake ndi mkwiyo wake, ntchito yake n'kubwera pambuyo.

Pa za mwano, ine ndili mbali ya ana. Amene akudabwa kuti mtsikana wa ku Parklands akufuniranji ngwazi yobwezera akumbuke za mu Malichi 2022 pa Forest Road, msewu umene tsopano umatchedwa Wangari Maathai, pafupi pomwepa ndi City Park. Kudachitika ngozi pakati pa galimoto ya mayi wina ndi njinga yamoto. Anyamata a boda boda adazungulira galimotoyo, kumukoka zovala, kumugwiragwira iye akukuwa atamangidwa lamba pampando. Kanema wake adazungulira m'mafoni onse, ana athu adamuona ngakhale tidayesetsa kubisa. Amayi adaguba mu Nairobi pa 8 Malichi, ndipo Pulezidenti Uhuru Kenyatta adalamula kuti a boda boda onse alembetsedwenso. Ambiri a ife tidakumbukira Januwale 2012, pamene mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi. Mtsikana wodutsa msewu umenewu tsiku ndi tsiku popita kusukulu mukamuuza kuti ngwazi yabwino ndi yogwada, yolankhula motsitsa, akuyang'anani ngati simukukhala mumzinda womwewu.

Koma abambo aja asanyozedwe. Taonani bwino za pa Forest Road pomwepo. Anyamata aja m'maganizo mwawo sankadziona ngati zigawenga. Ankati mnzawo wagundidwa, apolisi achedwa kapena adyapo, ndiye tiweruze tokha. Maganizo ake ndi omwewo amene amayendetsa nkhani iliyonse ya ngwazi yobisa nkhope: lamulo lagona, ine ndadzuka. Kwathu tikudziwa kumene maganizo amenewa amathera. Mu Januwale 2016 ku Neno mphezi idapha mtsikana, ndipo anthu a m'mudzi adapha agogo anayi a banja limodzi powaganizira kuti ndiwo adaitumiza. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe mpaka ku Blantyre. Ophawo nawonso ankati akuteteza ana.

Kusiyana kwake kuli pa chinthu chimodzi chimene katuni imatipatsa mwaulere. Woonera amakhala ataona ndi maso ake chigawenga chikuchita zoipa, kotero Temwe akalumpha ndi riboni yake palibe kukayika kuti walasa munthu wolakwika. Ku Neno palibe adaona kanthu. Ndiponso atsikana a Supa Team 4 sayenda okha: pamwamba pawo pali Mama K, mayi wachikulire yemwe kale adali kazitape, amene amawatuma, kuwaletsa ndi kuwadzudzula. Amayi odandaula za mwambo sadaone kuti katuniyi yaika gogo pampando, chinthu chimene Batman alibe, poti wamkulu wa m'nyumba mwake ndi wantchito wake.

Ndiye m'malo mozimitsa TV, kuli bwino kukhala pansi n'kuonera limodzi, kenako n'kufunsa mwanayo funso limodzi: Temwe adadziwa bwanji kuti wolakwa ndi ameneyu? Nanga akadakhala kuti wangomva kwa anzake pa WhatsApp? Mwana wa zaka 10 amayankha funso limeneli bwino kuposa mmene timaganizira, ndipo pamenepo mpamene mungamuuze za Neno, kwawo kwa makolo ake, mwa msinkhu wake. Ife tidakula ndi Pewani wa Brian Hara mu Malawi News, ndipo sindikukumbuka kholo lililonse likutifunsa maganizo athu pa iye. Nyuzi inkangopita kukakulungira mandasi.

Dandaulo lina lokha ndilo ndalikana poyera pa chama. Mayi wina adati chomwe chimamunyansa kwambiri n'chakuti Temwe amadya mosadziletsa, mwana wamkazi sayenera kutero pagulu. Adanena izi tili pa mbale ya bhajia za ku Diamond Plaza, ndipo ana athu aakazi, amene theka la iwo ayamba kale kukana nsima poopa kunenepa, adali pakhonde akumva.