Kabwata ndi Timanyumba Take ta Udzu

Lero tinene za Kabwata, kamudzi ka mu mzinda wa Lusaka. Boma litasamutsa likulu kucokera ku Livingstone m'caka ca 1935, linamangira anchito timanyumba tozungulira, tofolera ndi udzu, ta cipinda cimodzi. Omangawo anayesa kuti wanchito ali mlendo cabe m'tauni, mkazi ndi ana adzatsala kumudzi. Analakwa. Akazi anatsata amuna ao, ana anabadwa, ndipo banja lonse linapanikizana m'kanyumba koyenera munthu mmodzi. Mitundu yambiri inakomana pamenepo, nimvana m'ciNyanja.

Komatu udzuwo tisaunyoze. Lusaka ali pamtunda, mafiti oposa 4,000. M'June ndi July cisanu ca usiku cilowa m'mafupa, m'October dzuwa liwamba. Denga la udzu lisunga kufunda, liletsanso kutentha, zimene malata sakhoza. Cobvuta ndi dzinja, kuyambira November kufikira March, pakuti dzikolo ndi lathyathyathya, madzi acedwa kucoka.

M'zaka za m'ma 1970 timanyumba tambiri tinagwetsedwa, ndipo anamangapo nyumba zosanja. Tina 43 anatisunga, ndipo ndi pamenepo amisiri asema ndi kugulitsa ziboliboli kufikira lero.