NKHOMO ZA BAWO ZIDATHERA PAMOTO KU DOMWE

ULONGWE — M'mudzi wina wa kunsi kwa phiri la Domwe, m'boma la Angonia, mudachitika mlandu umene anthu adauyamba ndi phwete koma adaumaliza atagwira njakata. Mayi wina wa ana anayi adatenga nkhomo za bawo za mwamuna wake naziponya pamoto pomwe padali mphika wa nyemba. Bamboyo atabwerako ku Vila madzulo adapeza thabwa lili pakhonde, koma m'kathumba ka nkhomo mulibe kanthu. Sadamenye munthu ndipo sadatukwane. Adangokana nsima masiku awiri, tsiku lachitatu nkhani idakafika kwa ankhoswe.

Udali mwezi wa Julayi, nthawi imene chisanu chimayeretsa udzu m'madambo m'mamawa. Banjali lili ndi dimba la kachewere m'mbali mwa kamtsinje, ndipo madzi ake amabwera m'ngalande imodzi imene mabanja angapo amagawana, aliyense tsiku lake. Tsiku la banjali lidali Lachiwiri masana. Bamboyo adali atanyamula kale khasu pamene anzake awiri adafika ndi odi, nati angoponyako kamodzi kokha. Aliyense wodziwa bawo akudziwa kuti kamodzi kameneka sikatha. Dzuwa lidapendeka iwo akadali pakhonde, madzi adapita kwa mnzawo wa kumunsi, ndipo mayiyo pochokera kuchigayo adangotula ufa natenga keni. Iye ndi mwana wake wamkazi woyamba adatunga madzi kumtsinje kuthirira mizere yonse kufikira mdima. M'mawa mwake nkhomo zidapsa.

CHILIMWE CHIDAPITA KUTI?

Mlandu wotere sudayambe Lachiwiri lija. Akuluakulu a kuno amakumbukira chaka chimene chidali ndi mbali ziwiri. Mvula ikagwa kumapeto kwa Novembala munthu adali wa kumunda: kubzala, kupalira mu Disembala, kubandira mu Januwale, kufikira kukolola chimanga mu Meyi ndi Juni. Nkhokwe ikadzaza khasu limapuma. Miyezi ya Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala idali ya maukwati, ziliza, zinamwali, kufolera nyumba ndi kukaona abale ku Dedza ndi ku Ntcheu. Angoni ankavina ngoma atanyamula zishango, gule wamkulu ankatuluka kudambwe, ndipo bambo wokhala pansi pa mtengo tsiku lonse ndi bawo palibe amene ankamuloza chala. Madimba adalipo, koma adali a mpiru ndi matimati a ndiwo, ntchito ya ola limodzi.

Lero chilimwe chidalowa m'dimba. Kachewere wa ku Angonia ndi Tsangano amadyedwa ku Tete, ku Chimoio, ku Beira mpaka ku Nampula, ndipo malole amamufuna chaka chonse. Wa mvula akamakumbidwa mu Marichi ndi Epulo, mbewu ya kudimba imakhala ikudikira kale, ndipo nayenso akatha miyezi itatu kapena inayi ena amabzalanso kachitatu. Kachewere salekerera munthu. Amafuna kuthirira, kukwezera, feteleza pa nthawi yake, ndiponso mankhwala a chiwawu chimene chimatha kupsereza munda wonse m'masiku owerengeka.

Pamwamba pake pali fodya. Chiyambire kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene makampani adayamba kupereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, fodya wa bale adafala m'maboma a Angonia, Macanga ndi Chifunde. Nazale imafesedwa dzuwa likuswa mtengo, chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala, ndipo imamwa madzi m'mawa ndi madzulo, Lamulungu ndi tsiku la maliro lomwe. Mvula yoyamba ikagwa ndi kuwokera. Kuyambira Januwale ndi kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, nthawi yomweyo chimanga chikufuna kubandira. Kenaka kusankha, kudinda mabelo ndi kukadikira pamalo ogulitsira. Ndalama isadathe kuwerengedwa, nthawi yolima nazale ina yakwana.

Palibe amene adakakamizidwa, ndipo alimiwa si opusa. Malata amene akung'anima m'midzi ya ku Domwe, ngolo ndi ng'ombe zake, njinga zamoto ndi masola a padenga zidachokera m'madimba ndi m'zigafa zomwezi. Sukulu za kuno zimalembetsa ana kumayambiriro kwa chaka, pakati penipeni pa nthawi ya njala, ndipo banja limene lili ndi ndalama ya kachewere wa kudimba ndilo limagula makope ndi yunifomu osapita paganyu. Mufunseni aliyense ngati akufuna kubwerera ku chilimwe chokhala pansi, adzakuyang'anani ngati mwapenga. Chimene anthu sanena poyera nchakuti mtengo wa malatawo udalipidwanso ndi mpumulo.

TULO TOSABWERA

Kutopa kwa khasu kumatha ndi tulo, koma kutopa kwa ngongole kumatsata munthu pamphasa. Mlimi wa fodya amadziwa kuti feteleza adzadulidwa pa ndalama yake mabelo akayesedwa, mvula igwe bwino kapena ayi. Mu 2017 mudafika mbozi za ntchemberezandonda zimene zimabisala m'mtima mwa chimanga, ndipo kuyambira pamenepo kuyendera munda m'mawa kudasanduka ntchito inanso. Dzinja la 2023 kulowa 2024 mvula idavuta m'madera ambiri a chigawo cha Tete. Mu Novembala 2023 kwacha ya ku Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene amagulitsa nyemba ndi kachewere m'misika ya m'malire monga Lizulu adagona ndi mtengo wina nadzuka ndi wina, akuwerengera m'mutu makwacha ndi metikali.

Foni ya m'manja nayo ili ndi mbali ziwiri. Imauza munthu mtengo wa thumba ku Tete asadatuluke m'nyumba, koma imaliranso Lamulungu m'mawa: lole yaima pamsewu, amene akufuna kugulitsa akumbe lero. Banja lonse limavula zovala za kutchalitchi.

Kuchipatala anthu otere amapita ndi msana, mutu wosatha ndi mtima wothamanga. Ena amauzidwa kuti magazi akuthamanga kwambiri, achepetse mchere ndipo azipuma. Mchere amachepetsadi.

MAENJE 32

Bawo ndi thabwa la mizere inayi, mzere uliwonse maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndipo nkhomo zake ndi 64. Ikasowa imodzi masewera saongoka. Amene alibe thabwa amakumba maenje pansi nkusewera ntchuwa ndi timiyala. Munthu wodutsa amangoona manja akutakata, koma wosewerayo amakhala akuwerengera m'mutu pomwe nkhomo yomaliza ikagwere, nyumba yake aiteteze bwanji, mnzake amudyere pati. Mutu umene uli pa ntchito imeneyi sungathe kuganizanso za chiwawu, ndipo apa mpomwe pagona chikoka chake.

Bambo wa ku Domweyu adaphunzira bawo ali mnyamata kutsidya. Monga mabanja ambiri a m'malire, makolo ake adathawa nkhondo m'zaka za m'ma 1980 nakakhala m'boma la Dedza. Pa nthawiyo dziko la Malawi lidasunga Amozambiki pafupifupi 1 miliyoni. Amuna amene kwawo adali ndi minda ikuluikulu adapezeka alibe polima, akudikira tsiku logawa ufa ndi nyemba, ndipo bawo ndiyo inkakankha dzuwa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anthu adabwerera kudzapeza minda itasanduka tchire. Thabwa lija lidabwera pamutu pamodzi ndi miphika. Mbadwo umenewu udaona nthawi yochuluka yopanda munda, lero ukuona munda wochuluka wopanda nthawi, ndipo thabwa limene lidasiyidwa pakhonde lija lidali la malemu bambo ake.

Amuna amanenanso kuti pabawo si pamasewera pokha. Mpomwe munthu amamva kuti lata ya chimanga yafika pati ku feira, ndani ali ndi mbewu yabwino ya kachewere, ndani akufuna aganyu, wogula uti ali ndi sikelo yokhota. Izi nzoona. Nzoonanso kuti nkhani zonsezi zimatha m'mphindi khumi, pamene bawo imatha maola anayi.

PAMASO PA ANKHOSWE

Ankhoswe adakumana Loweruka madzulo kuseri kwa nyumba. Wa kuchimuna adali malume ake a bamboyo, wa kuchikazi adali mlongo wake wamkulu wa mayiyo. Mwamuna adayamba ndiye. Adati samwa kachasu, sayenda ndi akazi, fodya ndi kachewere amalima ndi manja ake, ndalama amaika poyera. Chinthu chimodzi chokha chimene chimamuiwalitsa mavuto ndicho chawotchedwa, ndipo nkhomozo zidali za bambo ake.

Mlongo wa mayiyo adavomereza ndi mutu. "Alamu anga sakunama," adatero. "Amuna ena akatopa amakagona m'ngalande ataledzera. Iwe mlongo wanga, bawo idakulakwira chiyani?"

Mayiyo adali atagwada chapatali, nkhope ili pansi. Adayamba ndi kupepesa kwa malume a mwamuna wake chifukwa cha nkhomo za malemu apongozi ake, nati pamenepo adalakwa. Kenaka adawerenga tsiku lake. Amadzuka tambala woyamba kukatunga madzi, aphike phala la ana a sukulu, apite kudimba pamodzi ndi mwamuna wake, pobwera anyamule nkhuni zimene masiku ano zili kutali, aphike nsima, achape, apite kuchigayo, madzulo akathirirenso. Nthawi ya fodya amasoka masamba kufikira usiku. Kwaya ya kutchalitchi adaileka zaka zitatu zapitazo. Ku xitique, chimene kutsidya amachitcha chipereganyu, amangotumiza ndalama ndi mwana chifukwa nthawi yokhala pansi ndi anzake alibe.

"Abambo akuti bawo imawapumitsa mutu," adatero. "Sindikukana. Koma achimwene, ine bawo yanga ili kuti?"

Apa mpomwe phwete lidathera. Malume aja adayang'ana pansi nthawi yaitali. Akazi awo omwe, amene adabwera kudzangoperekeza, adamveka akuti hmm chapansipansi.

Funsoli si la nyumba imodzi. Anyamata ali ndi bwalo la mpira Lamulungu masana, ndipo mkangano wa matimu a Chingale ndi Songo, kapena Bullets ndi Wanderers za kutsidya, umawatengera madzulo onse pa baraka. Ana aamuna akaweruka kusukulu amaba ola limodzi la mpira wachikulunga asadapite kukatsekera mbuzi. Atsikana amene kale ankasewera fulaye ndi phada mwezi ukawala, lero keni imawadikira pakhomo. Mwana wamkazi wa m'banjali, amene adathirira ndi mayi ake usiku uja, adali ndi mayeso m'mawa mwake.

CHIGAMULO

Ankhoswe sadapeze wopambana. Adati mayiyo agule nkhomo zina ndi ndalama ya kachewere akakumbidwa. Adati tsiku la madzi a m'ngalande bawo isatuluke m'nyumba, abwere ndani kaya ndani. Lamulungu masana ndi la bamboyo, ndipo pasakhale womuitana. Lachinayi masana ndi la mayiyo: apite kukwaya ndi kwa amayi anzake, dimba ndi mbuzi ziwonedwe ndi mwamuna, ndipo mphika wa madzulo uikidwe ndi ana. Pa mfundo yomalizayi bamboyo adafuna kuyankhula, koma malume ake adamugwira bondo.

Mlongo wa mayiyo adawonjeza yake, yomwe ena adaiona ngati yolimba kuposa zonse. Adati dimbalo lakula kuposa manja awiri a banjali, ndipo ngati ndalama ya aganyu palibe, mizere ina isiyidwe kachewere wachitatu asabzalidwe. Pamenepa mwamuna ndi mkazi adagwirizana kwa nthawi yoyamba tsikulo: onse awiri adakana. Malata a kukhitchini sadagulidwe, ndipo mwana woyamba akufuna kukaphunzira sekondale ku Vila.

Mwezi wa Ogasiti panganolo lidasungidwa. Mayiyo adaimbanso kwaya masabata anayi otsatizana, ndipo anthu adamuona bamboyo Lachinayi lina akubwera kudimba yekha ndi makeni awiri, anzake a pabawo akumuseka kuti wadyetsedwa. Nazale itafesedwa mu Sepitembala Lachinayi lidayamba kudumphidwa, sabata ino inde, sabata yamawa ayi. Lamulungu masana silidadumphidwe.

Nkhomo zatsopano sizidapezeke msanga, chifukwa m'misika ya kuno sizibwera kawirikawiri. Mayiyo adapeza 50 kwa munthu wina wochokera ku Dedza, ndipo 14 zotsalazo adatola yekha timiyala tosalala kumtsinje kuja, natitsuka, natiika m'kathumba. Osewera amadandaula kuti timiyalato timalemera m'manja ndipo timasokoneza kuwerenga, koma akusewerabe.