Foni Kapena Kompyuta Ikavuta, Yambani Mwafufuza

Mayi wina wa m'kalasi mwathu kuno kwa Changata anabwera tsiku lina nkhope ili yakugwa. Foni yake inali itasiya kulowa moto. Mwana wake ali ku Johannesburg, ndipo amalankhulana pa foni yomweyo. Ndalama nazo zimafikira momwemo. Mayiyu anali ataganiza kale zogulitsa mbuzi kuti akagule foni ina ku Limbe. Tisanachite china chilichonse, tinasuzumira pa kabowo kolowetsapo tchaja. Munali mutadzaza fumbi ndi tiulusi ta nsalu, poti foniyo ankaimangirira pa chitenje. Titachotsa zimenezo, foni inayamba kulowa moto. Mbuzi ija ilipo mpaka lero.

Mavuto ambiri a foni ndi aang'ono chonchi. Koma ena ndi aakulu ndithu, ndipo akhoza kukudyerani ndalama za mwezi wathunthu. Tiyeni tione m'mene mungawasiyanitsire.

Vuto limakhala pamalo atatu

Foni yamakono yodina pa galasi ndi kompyuta ndithu, kungoti ndi yaing'ono. Zimene zimavuta pa foni ndi zomwezo zimene zimavuta pa kompyuta ya kusukulu, ya kuchipatala kapena ya ku ofesi ya esiteti.

Malo oyamba ndi thupi lake. Izi ndi zinthu zimene mungazigwire ndi manja: batire, galasi, mabatani, tchaja, simu khadi ndi memori khadi.

Malo achiwiri ndi kapitawo wake. Inu mukudziwa kuti m'munda wa tiyi kapitawo ndiye amagawa mizere ndi kuona kuti aliyense ali pa ntchito yake. M'foni namonso muli kapitawo wosaoneka. Ndi pulogalamu yaikulu imene imagawira ntchito mapulogalamu ena onse, monga kamera, wailesi ndi WhatsApp. M'mafoni ambiri a kuno dzina lake ndi Android, wa kampani ya Google. M'makompyuta ambiri ndi Windows, wa kampani ya Microsoft.

Malo achitatu ndi mlendo woipa, amene timamutcha vayirasi. Vayirasi imeneyi si kachilombo kamoyo ayi, ndipo singalowe m'thupi mwanu. Ndi pulogalamu imene munthu wina analemba dala kuti iziwononga kapena kuba. Imachita ngati nankafumbwe: thumba kunja lili bwinobwino, koma m'kati chimanga chasanduka fumbi.

Mafunso atatu oyamba

Musathamangire kwa wokonza. Khalani pansi, mudzifunse:

1. Kodi vutoli layamba liti?
2. Nanga lisanayambe panachitika chiyani? Foni inagwa? Inanyowa? Mwana anaikamo sewero latsopano? Munapita nayo koikitsa nyimbo?
3. Kodi pa galasi palembedwa chiyani?

Funso lachitatuli ndi lanu inu amene tsopano mukudziwa kuwerenga. Kale munkangodina paliponse kuti mawuwo achoke. Lero tengani kope, mukopere mawuwo chilembo ndi chilembo, ngakhale ali a Chingerezi. Amene adzakuthandizeni adzadziwa msanga pamene pali vuto.

Lamulo lina ndi ili: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zinthu zitatu pamodzi foni n'kuyaka, simudziwa chimene chinali choipa.

Thupi likadwala

Foni ikakana kulowa moto, yambani mwaizimitsa. Yang'anani pa kabowo ka tchaja. Ngati muli fumbi, chotsani pang'onopang'ono ndi kamtengo kouma kosongoka. Musagwiritse singano kapena waya, chifukwa chitsulo chimawononga timano ta m'katimo. Zikakanika, bwerekani chingwe cha mnzanu. Zikakanikabe, yesani tchaja ina, kenaka malo ena otchajira. Ngati mumatchaja pa sola, kumbukirani kuti kukakhala mitambo masiku angapo, moto umachepa ku sola komweko, osati m'foni mwanu.

Foni ikanyowa, fulumirani. Tiyi amathyoledwa kwambiri nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo nyengo yozizira kuno kumagwa chiperoni. Nthawi zimenezi mafoni ambiri amafa. Ikanyowa izimitseni pomwepo. Chotsani simu khadi, memori khadi, ndi batire ngati limachoka. Ipukuteni, muiike pamalo ouma podutsa mphepo kwa masiku awiri. Musaiyatse kuti muone ngati ikugwira, ndipo musaitchaje. Madzi ndi moto wa magetsi zikakumana m'kati, foni imapsa. Musaiwambe pa mbaula. Ena amati ikani mu mpunga, koma mpunga suumitsa kuposa mphepo, ndipo tizidutswa take timatseka mabowo. Popita kumunda ikulungeni m'kajumbo, basi.

Batire likatupa, mpaka chivundikiro cha kumbuyo kutukuka, lekani kuligwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Batire lotere likhoza kuyaka moto. Musaliboole, musaliponye pa moto, ndipo ana asaseweretse.

Netiweki ikasowa, funsani kaye mnzanu amene ali ndi simu ya kampani yomweyo. Ngati nayenso alibe, vuto si la foni yanu. Kuno ku Thyolo mapiri ndi zigwa zimatchinga netiweki. Ngati mnzanuyo ali nayo, ikani simu yanu m'foni mwake. Ikagwira, vuto lili m'foni mwanu. Ikakana, vuto ndi simu.

Kapitawo akatopa

Nthawi zina foni imangoti zii, mukadina osayankha. Kawirikawiri ndiye kuti ntchito zachuluka. Gwirani batani loyatsira osalisiya, mukuwerenga mpaka 20 kapena 30. Mafoni ambiri amazima n'kuyakanso okha. Kuchita zimenezi sikufufuta kanthu kalikonse.

Foni ikamachedwa tsiku ndi tsiku, mwina nkhokwe yake yadzaza. Zimene zimadzaza kwambiri ndi mavidiyo obwera pa magulu a WhatsApp. Fufutani amene mwaonera kale. Zithunzi za ukwati ndi za ana zisamutsireni pa memori khadi.

Onaninso tsiku ndi nthawi. Foni ikamaonetsa chaka cholakwika, WhatsApp ndi mapulogalamu ena a intaneti amakana kutseguka. Mukakonza tsiku, amayambanso.

Mawu awa muwaloweze, chifukwa mudzakumana nawo pa galasi:

Settings ndi pamene pali makonzedwe onse a foni.
Storage ndi nkhokwe yosungiramo zinthu.
Apps ndi mapulogalamu.
Restart ndi kuzimitsa n'kuyatsanso.
Update ndi kulandira zokonza zatsopano kuchokera kwa opanga.
Uninstall ndi kuchotsa pulogalamu.
Delete ndi kufufuta.
Format ndi Factory reset ndi kufufuta zonse.

Mawu awiri omalizawa ndi oopsa. Mukavomera, manambala, zithunzi ndi mauthenga zimapita, ndipo kawirikawiri sizibweranso. Pali chinanso. Foni ya Android ikafufutidwa chonchi, ikhoza kufunsa dzina ndi mawu achinsinsi a akaunti ya Google imene inalimo. Ngati anakutsegulirani ndi munthu wina inu osalemba, foni yanu yomwe imakukanani. Choncho lembani zimenezi m'kope losungika bwino kunyumba. M'kope lomwelo lembani manambala a abale anu onse.

Mlendo woipa akalowa

Zizindikiro zake ndi izi: zithunzi zotsatsa malonda zikungotulukira zokha, mwaona pulogalamu imene simunaikemo, mayunitsi kapena bandulo zikutha musanagwiritse, foni ikutentha muli osaigwira, kapena anzanu akuti mwawatumizira uthenga umene inu simunalembe.

Vayirasi siyenda ndi mphepo. Imalowera pakhomo limene mwatsegula. Makomo ake aakulu ndi atatu. Loyamba ndi mapulogalamu opatsana kuchokera m'foni ya mnzanu. Lachiwiri ndi uthenga wokuuzani kuti dinani apa mulandire mphatso kapena bandulo yaulere. Lachitatu ndi memori khadi kapena fulashi imene yalowa m'kompyuta yodwala, monga kumalo oikira nyimbo ndi mafilimu pa msika.

Mukaganiza kuti yalowa, chitani izi:

1. Tsekani intaneti.
2. Pitani ku Settings, kenaka ku Apps. Werengani mayina onse. Pulogalamu yachilendo, makamaka imene inalowa tsiku limene vuto linayamba, ichotseni podina Uninstall.
3. Zimitsani foni n'kuyatsanso.
4. Mukafuna pulogalamu, itengeni ku Play Store kokha.

Nthawi zina pa galasi pamatuluka mawu ofiira oopseza, akuti foni yanu ili ndi mavayirasi ambiri, dinani apa msanga. Limenelo ndi bodza. Mawuwo ndiwo msampha. Tsekani tsambalo osadina.

Pali vayirasi ina yotchuka ya pa fulashi ndi memori. Mukatsegula pa kompyuta mumapeza zinthu zanu zasowa, pangotsala tizizindikiro tokhala ndi kamuvi pakona. Musadine timeneto, ndipo musavomere Format. Kawirikawiri zinthu zanu zilimo, vayirasi yangozibisa. Munthu wodziwa akhoza kuzitulutsa. Foni za mabatani sizigwidwa vayirasi kawirikawiri, koma memori yake imatha kunyamula vayirasi kupita nayo ku kompyuta ina.

Musaganize kuti izi zimagwera osauka okha. Mu Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 150. Inkatseka zonse za m'kompyuta n'kumafuna dipo. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chotseka bowolo mu Malichi chaka chomwecho, koma ambiri anazengereza kuchiika. Kwathu konkuno, mu Febuluwale 2024, ntchito yopanga mapasipoti inaima kwa milungu ingapo. Dr Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu oipa analowa m'makina a mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Choncho foni ikapempha Update, musamangokana. Pezani bandulo yokwanira, muitchaje, muvomere.

Wakuba wopanda vayirasi

Bambo wina wothyola tiyi anandiuza kuti vayirasi yamudyera ndalama za m'foni. Nditamufunsa bwino, anati kunabwera foni kuchokera kwa munthu waulemu kwambiri. Munthuyo anati ndi wa ku kampani ya mafoni, ndipo nambala ya bamboyo itsekedwa madzulo omwewo akapanda kuikonza. Anamuuza manambala oti adine, pomaliza n'kumuuza kuti aike nambala yake yachinsinsi. Ndalama zinapita. Foni inalibe vuto lililonse.

Mvetsani ichi, abale anga. Kaya muli pa Airtel Money kaya pa TNM Mpamba, nambala yachinsinsi ndi yanu nokha. Wogwira ntchito weniweni sangakufunseni nambala imeneyo. Munthu akati wakutumizirani ndalama molakwitsa, musakhulupirire uthenga wokhawo. Onani kaye ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Wakuba amakonda kukufulumizitsani, choncho wina akati "pompano, pompano", dulani foni. Mukaberedwa, dziwitsani kampani ya foni yanu msanga, musinthe nambala yachinsinsi, ndipo mukanene kupolisi. Musafufute uthenga ndi nambala ya wakubayo, ndiwo umboni wanu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo ndiponso kufalitsa vayirasi. Musachite manyazi kunena. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Za kompyuta yaikulu

Ena mwa inu mumasunga kompyuta ya mpingo, ya kalabu ya alimi kapena ya komiti ya sukulu. Ikakana kuyaka, onani kaye ngati magetsi alipo ndiponso ngati zingwe zonse zalowa bwino. Ikamazima yokha ili yotentha, mwina fumbi latseka mabowo opumira. Laputopu musaiike pa bulangeti, imabanika. Kukamachita ziphaliwali, zulani chingwe kukhoma. Galasi likasanduka la buluu ndi mawu oyera, koperani mawuwo, muzimitse n'kuyatsanso. Zikabwerezabwereza, itanani wodziwa.

Dziwaninso kuti Windows amakalamba. Microsoft inasiya kukonza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo inasiya chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 mu Okutobala 2025. Kompyuta yokhala ndi Windows wakale imagwirabe ntchito, koma ili ngati nyumba ya chitseko chothyoka. Mabuku a ndalama za gulu musawasunge malo amodzi. Koperani pa fulashi ya gulu, imene siyendayenda, ndipo zofunika kwambiri zikhalenso pa pepala.

Popita kwa wokonza

Galasi likasweka, batire likatupa, kapena zonse mwayesa zakanika, pitani kwa wokonza. Musanamusiyire foni, chotsani simu khadi ndi memori khadi. Muuzeni zimene zinachitika ndi zimene mwayesa kale. Muonetseni kope lanu. Gwirizanani mtengo asanatsegule. Muuzeni kuti asafufute kanthu asanakufunseni. Akasintha chitsulo, akupatseni chakalecho muchione. Nambala yachinsinsi ya ndalama sifunika pokonza foni, ndiye musamupatse.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Tchulani malo atatu amene vuto la foni limakhala.
2. Foni yanyowa muli kumunda. Muchita chiyani choyamba, ndipo ndi zinthu ziti zimene simuyenera kuchita?
3. Ndi mawu ati awiri a pa galasi amene amafufuta zonse?
4. Munthu wakuimbirani, akuti ndi wa ku kampani ndipo akufuna nambala yanu yachinsinsi. Mumuyankha chiyani?

Ntchito ya kunyumba: lembani m'kope manambala 10 a anthu amene simungafune kuwataya. Mubwere nalo kope tsiku la kalasi lotsatira, ndipo zimene mwawerengazi mukawerengerenso mnansi wanu amene sanayambe kalasi.