Kompyuta Imene Imathandiza Dokotala Kuwongola Bondo

Bondo likatha ndi nyamakazi, madokotala a mafupa amadula nsonga zoperepeseka za mafupa n'kuikapo bondo la chitsulo ndi pulasitiki. Ntchito yovuta apa ndi kudula mowongoka. Kulemera kwa thupi kumayenera kutsika mumzere umodzi, kuchokera pakati pa mfundo ya m'chiuno, kudutsa pabondo, mpaka pakakolo. Madokotala ambiri amayesetsa kuti asaphonye mzerewu ndi madigiri oposa 3. Akaphonya kwambiri, pulasitiki ija imatha mbali imodzi ngati chidendene cha nsapato, ndipo wodwala angafunike opaleshoni ina.

Mwachizolowezi, dokotala amalowetsa ndodo yachitsulo m'kati mwa fupa la ntchafu kuti imulozere njira. Koma ngati fupalo linathyokapo n'kupola mokhota, ndodoyo imamusocheretsa. Apa ndi pamene kompyuta imathandiza. Opaleshoni yoyamba yoika bondo motsogozedwa ndi kompyuta inachitika mu 1997 ku Grenoble, m'dziko la France.

Dokotala amakhomera tizitsulo pafupa la ntchafu ndi la msongolo. Pa tizitsuloti pamakhala timipira tonyezimira timene kamera imationa ndi kuwala kwa infrared. Kenako amagwira mwendo wa wodwala n'kuuzunguza pang'onopang'ono. Timipira tija timayenda mozungulira, ndipo kompyuta imawerengera pamene pali pakati pa mfundo ya m'chiuno popanda kung'amba chiunocho. Amene tinkagwiritsa ntchito kampasi pa phunziro la masamu ku sekondale tikudziwa nzeru yake: ukadziwa njira ya chozungulira, pakati pake upapeza. Ine gawo limeneli ndi limene limandisangalatsa kwambiri. Akatero amaloza malo ena pabondo ndi pakakolo ndi kandodo, ndipo pa sikirini pamaoneka madigiri a pamene akufuna kudula.

Kompyutayo sidula fupa, ndipo imangodziwa zimene dokotala wailozera. Akaloza polakwika, nayonso imawerengera molakwika.

Kafukufuku wasonyeza kuti njirayi imachepetsa mawondo oikidwa mokhota. Koma zoti odwala amayenda bwino kuposa anzawo patapita zaka, madokotala akutsutsanabe. Opaleshoni imatenganso nthawi yotalikirapo, makina ake ndi odula, ndipo mwa apo ndi apo fupa limathyoka pamene anakhomerapo tizitsulo paja.