Kodi Sayansi ndi ya Anyamata Okha?

M'midzi yambiri ya boma la Mulanje mumamvekabe mawu akuti sayansi ndi phunziro la anyamata, ndipo mutu wa mtsikana sungaithe. Koma anthu omwewo akafika kuchipatala amapeza namwino wamkazi akuyeza malungo, kubaya jakisoni ndi kuthandiza amayi oyembekezera. Namwinoyo sakadalowa ntchito imeneyi akadalephera sayansi pa mayeso a Fomu 4.

Za M'mayiko Ena

Kuyambira m'chaka cha 1995, ana a m'mayiko ambiri amalemba mayeso ofanana a masamu ndi sayansi, otchedwa TIMSS, pa zaka zinayi zilizonse. Ena mwa olembawo ndi a zaka pafupifupi 14. M'chaka cha 2019 atsikana a ku Jordan, Oman ndi Bahrain adaposa anyamata a kwawo pa sayansi. Mu Africa muno, atsikana a ku Botswana adapambananso m'chaka cha 2015, pamene ku Ghana m'chaka cha 2011 opambana adali anyamata. Pa mayeso ena otchedwa PISA, olembedwa ndi ana a zaka 15, atsikana a ku Finland adaposa anyamata a kwawo m'chaka cha 2018, ndiponso anyamata a m'mayiko ena ambiri.

Nzeru za sayansi zikadakhala zobadwa nazo anyamata okha, zotsatira zikadafanana ponseponse. Tsono popeza kwina apambana atsikana, kwina anyamata, chosiyanitsa ndi makulidwe ndi maphunziridwe a mwana.

Dziko la Malawi sililemba nawo mayeso a TIMSS, koma zotsatira za mayeso a Fomu 4 zimene bungwe la MANEB limatulutsa zimasonyeza chaka ndi chaka kuti anyamata amakhoza koposa atsikana. Zifukwa zake zambiri zili pakhomo.

Zobweza Mtsikana M'mbuyo

Choyamba ndi ntchito. Amayi akalawirira kukathyola tiyi kapena kumunda, mtsikana ndiye amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kulera mng'ono wake. Amafika kusukulu mochedwa ndiponso atatopa kale.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa magazi. Mtsikana akatha msinkhu amataya magazi mwezi ndi mwezi. Ngati pamwamba pa apo ali ndi malungo, likodzo kapena njoka za m'mimba, magazi amachepa kwambiri. Mwana wotere amamva chizungulire, amaodzera m'kalasi ndipo sachedwa kuiwala. Aphunzitsi angamuyese waulesi pamene iye akudwala.

Chachitatu ndi kujomba. Pasukulu pakasowa chimbudzi chabwino cha atsikana ndi madzi osamba, ambiri amakhala pakhomo masiku amene ali kumwezi. Sayansi ili ngati khoma la njerwa: phunziro la lero limakhala pamwamba pa la dzulo. Wojomba masiku atatu mwezi uliwonse amasiya mipata yambiri m'khomamo.

Chachinayi ndi mimba ndi maukwati a ana. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 adali atabereka kale kapena adali ndi pakati. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 limaletsa ukwati munthu asanakwanitse zaka 18, ndipo kuyambira 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu.

Zoyenera Kuchita Makolo

Ntchito za pakhomo zigawidwe mofanana kwa ana onse, kuti mtsikana naye apeze nthawi yowerenga kusanade. Adye nyemba, nandolo, usipa ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chisoso. Agone m'neti usiku uliwonse, ndipo amwe mankhwala a likodzo ndi a njoka akamaperekedwa kusukulu. Akaoneka wotumbuluka m'maso ndi m'manja apite naye kuchipatala msanga. Makomiti a sukulu aonetsetse kuti pali zimbudzi za atsikana zokhala ndi zitseko.

Sukulu zili pafupi. Ku Chisitu kuli sekondale ya atsikana ya Providence, pa chipatala cha Mulanje Mission pali sukulu ya anamwino ndi azamba, ndipo ku Thyolo yunivesite ya sayansi ya MUST idatsegulidwa m'chaka cha 2014. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mtsikana amene makolo amteteza ku matenda ndi kumpatsa nthawi ya mabuku lero, mawa ndiye adzawalandira pa chipatala cha kwawo.